Mutu 6: Kawaya Akhala pa Mulu wa Mawaya

1. Msewu wa mashedi

Loweruka limenelo Kawaya analowa mu msewu wa mashedi atanyamula thumba la zida za amayi ake. Dzina limeneli anamupatsa ndi anthu a mumsewu womwewu ali wamng'ono, chifukwa ankakonda kupinda timawaya totsala n'kupanga tizibangili. Tsopano anali ndi zaka khumi, zisanu ndi ziwiri, ali mu Fomu 3, ndipo anthu omwe anamupatsa dzinalo sankamuyankhanso moni.

Kale mumsewumu munthu sankamva mawu a mnzake chifukwa cha phokoso la nyundo. Anthu ankaphwasula mawailesi akanema, makompyuta, mafoni ndi mafiriji akufa. Ankatulutsamo mkuwa, zitsulo ndi tizipangizo tina tamoyo n'kumagulitsa. Mawaya ankawaotcha m'khwawa la kuseri kwa mashedi kuti pulasitiki ipse, mkuwa utsale.

Kenako khonsolo ya mzinda inakhazikitsa lamulo. Kuotcha mawaya kunaletsedwa. Kuphwasula zipangizo zamagetsi popanda chiphaso kunaletsedwanso. Kuti munthu alandire chiphasocho, shedi yake inkafunika kukhala ya simenti pansi, ya denga losadontha, ya mpanda, ndiponso antchito azivala zodzitetezera. Mumsewu monsemo munalibe ndi mmodzi yemwe wokwanitsa zimenezo. Chiphaso chinapita kwa kampani ina yaikulu ya kutsidya kwa njanji, ndipo maofesi ndi masitolo onse analamulidwa kuti katundu wawo wakufa azikamusiya kumeneko.

Pakutha pa miyezi itatu, mashedi asanu ndi awiri anali atatseka. Okankha ngolo ankaswera atagona m'ngolo zawo. Mayi wogulitsa tiyi, amene kale ankatha maketulo anayi dzuwa lisanafike pamutu, tsopano ankabwerera kunyumba ketulo imodzi yokhayo isanathe.

Mayiyu ndi amene anayamba kumuona Kawaya.

"Wafika mlembi wamkulu uja," anatero mokweza kuti onse amve. "Bisani makapu, angakatilembe kuti ndi akuda."

Okankha ngolo anaseka, koma nkhope zawo zili gwaa.

"Mwadzuka bwanji, amayi?" anafunsa Kawaya.

"Ndadzuka ndi njala, zikomo pofunsa. Ukalembenso zimenezo."

Chidani chonsechi chinachokera pa chimangirizo chimodzi. Chaka chapitacho, mng'ono wake wa Kawaya, yemwe onse ankangomuti Chitsiriza, anagona m'chipatala kawiri chifukwa cha chifuwa. Aphunzitsi atauza kalasi kuti ilembe za vuto la m'dera lawo, Kawaya analemba za utsi wa m'khwawa. Chimangirizocho chinapambana pa mpikisano wa masukulu, ndipo khansala wina anachiwerenga mokweza pa tsiku lomwe khonsolo inkavomereza lamulo lija. Kuyambira pamenepo, aliyense wogona ndi njala mumsewumo ankadziwa woloza chala.

2. Katundu wa amalume

Shedi ya kumapeto inali ya amayi ake a Kawaya pamodzi ndi mlongo wawo, amene anthu ankawatchula kuti a Mkuwa. Kawaya anapeza amayi ake atakhala pa chigoba cha firiji, akusankha timasikuluwu m'chitini. Ntchito yeniyeni inali itasowa kalekale, koma mayiwo sankatha kukhala manja ali chete.

Asanatule n'komwe thumba lija, chitseko cha kumbuyo chinatseguka. Amalume ake analowa thukuta lili kamukamu, maso akuwala ngati munthu amene watola chikwama.

"Alongo, Mulungu sanatitaye," anatero. "Ofesi ina ikugwetsedwa kumtunda uku. Kapitawo wake ndi mnzanga wakale. Mawaya onse a m'makoma watipatsa ife, matumba khumi ndi awiri. Anyamata akutsitsira m'khwawa panopa."

Amayi anaika chitini pansi. "Achimwene, lamulo lija mwaliiwala?"

"Lamulo silidya. Ana anga amadya."

Atatero anatembenukira kwa Kawaya n'kumuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Iwe, lero ndi tsiku lako lochapa dzina. Upite ukaime pa mpopi wa pakona. Ukangoona galimoto ya khonsolo, undiimbire foni. Basi. Wavala bwino, uli ndi nkhope ya kusukulu, palibe angakukayikire."

"Mwanayu musamulowetse m'zimenezi," anatero amayi.

"Analowamo yekha ndi cholembera chake."

A Mkuwa anakoka benchi n'kukhala moyang'anizana ndi Kawaya. Analankhula motsitsa mawu, koma mawu aliwonse ankabaya.

"Tamvera, mwana wa mlongo wanga. Yunifomu imene umanyadira ija inachokera m'khwawa lomwelija. Mabuku ako, nsapato zako, ngakhale cholembera chimene unatilembera chija, zonse zinatuluka mu utsi umene iwe unaunyoza pamaso pa akuluakulu. Ine ndinasiya sukulu ndili Sitandade 5 kuti amayi akowa apitirize. Sindinadandaulepo. Ndapuma utsi zaka makumi awiri kuti iwe usadzaupume. Ndiye taona mmene wandithokozera. Kampani ya kutsidya kwa njanji ija yalemba anthu angati a mumsewu muno? Awiri, ndipo onse ndi osesa. Ikagula chitsulo chathu, imagula pa mtengo umene yakonda, chifukwa palibenso wina wololedwa kugula. Amene anakuombera m'manja aja, alipo anabwera kudzafunsa kuti kwanu mwadya chiyani? Ndikuchenjeze lero. Munthu wophunzira amene amayang'ana anthu ake ngati zinyalala, tsiku lake likafika amadzagwa yekha pamsewu, odutsa n'kumangomulambalala. Akuluakulu aja adzakuiwala mawa. Ife ndi amene tidzakunyamule ukadzadwala. Sankha bwino."

Kawaya anayang'ana amayi ake. Amayiwo anali atatolanso chitini chija, maso ali pansi.

Anatenga foni yake n'kutuluka.

3. Benchi ya a Mawailesi

Njira yopita pakona inkadutsa pa benchi ya a Mawailesi, mkulu wokonza mawailesi ndi mafoni, amene anali wakale kuposa onse mumsewumo. Ndi iwo okha amene ankamuyankhabe Kawaya moni, ngakhale kuti ankayankha mokalipa, monga ankachitira ndi aliyense.

"Ukuthamangira kuti, ukuyenda ngati waba nkhuku?" anafunsa.

"Pakona, agogo."

"Kukadikirira galimoto ya khonsolo. Usadabwe, makoma a malata sasunga chinsinsi. Khala apa kaye."

Kawaya anakhala pa ndowa yovundikira. Mkuluyo anatsokomola nthawi yaitali, n'kupukuta pakamwa ndi kansalu. Kenako analoza mafoni asanu ndi imodzi omwe anali atandandalika pa benchi.

"Ukuwaona awa? Onsewa ndi a anthu osauka. Iyi ndi ya mayi wochapa zovala, yangofa kagalasi kokha. Kale ndikanalowa shedi iliyonse muno, n'kupeza kagalasi ka foni yakufa, mayiyo n'kumapita kwawo akuseka. Lero mafoni onse akufa akupita ku kampani, ndipo kumeneko sasankha chamoyo ndi chakufa, amangogaya zonse m'makina. Ndiye mayi uja ndimuuze chiyani? Akagule yatsopano? Ndi chiyani? Amene analemba lamulo lija sanakhalepo pa benchi ngati iyi. Ndikanakumana naye ndikanamukoka khutu."

"Ndiye kuti ndinalakwa kulemba, agogo?"

"Ndani wanena zimenezo? Dikira ndimalize, ana a masiku ano mumadula mawu ngati lumo."

Anatsokomolanso, kenako anatambasula manja ake. Zala zinkanjenjemera.

"Manja awa ankagwira kasikuluwu kochepa ngati kambewu ka mpiru osagwetsa. Lero ndimayesa katatu. Tinayamba kuotcha mawaya m'khwawa lija tili anthu asanu. Anayi ndinawaperekeza kumanda, onse chifuwa, palibe anafika zaka zanga. Utsi umenewuja sutuluka m'thupi. Umakhala m'magazi, umalowa m'madzi, umalowa m'mwana asanabadwe. Amalume ako akudziwa zimenezi, koma njala ikafika pakhosi munthu amaona lero lokha. Sindikuwaweruza. Koma iwe ndikuuze. Mumsewu muno muli zinthu ziwiri zimene zikutipha, moto ndi pepala. Amalume ako akufuna utumikire moto. A khonsolo akufuna utumikire pepala. Onsewo adzakuuza kuti ukakana ndiwe woukira. Usalole kukhala maso a munthu amene akuchita chinthu choti iwe sungachite ndi manja ako. Wodikirira pakona ndi woyatsa machesi ndi munthu mmodzi. Tsono nyamuka, ukunditchingira kuwala."

4. Pa mpopi

Kawaya anafika pakona n'kuima pafupi ndi mpopi, foni ili m'manja. Kuchokera pamenepo ankaona msewu waukulu mbali zonse ziwiri. Galimoto ya khonsolo kunalibe.

Pa mpopipo panali amayi atatu akutunga madzi. Atamuona anasiya kucheza. Mmodzi anasuntha ndowa yake ngati kuti Kawaya aithira dothi.

Mphepo inali kuomba kuchokera kukhwawa, kudutsa pamwamba pa mashedi, kulunjika ku mizere ya nyumba za kumunsi. Zovala zoyanikidwa pa zingwe zonse zinkaweramira komweko. Nyumba yachitatu mumzere woyamba inali ya kwawo, ndipo zenera la kuchipinda linali lotsegula. M'mawa umenewo anali atasiya Chitsiriza atagona pafupi ndi zeneralo, akupuma mwa mluzu.

Matumba khumi ndi awiri a mawaya akanafuka mpaka madzulo.

Kawaya anaika foni m'thumba la siketi. Sanabwerere kudzera mumsewu. Anadutsa kampata ka pakati pa mashedi awiri otseka, n'kutsetserekera m'khwawa.

Mawaya anali ataunjikidwa kale pakati pa khwawalo, mulu wofika m'chiuno, ofiira, akuda ndi obiriwira atapiringizana. Okankha ngolo atatu anali ataima pambali. Amalume ake anali akutsegula chigubu cha palafini.

Kawaya anakwera pa muluwo n'kukhala pansi.



"Pakona wasiyapo ndani?" anafunsa a Mkuwa.

"Palibe, amalume."

"Tsika."

"Sinditsika. Mphepo ikupita kunyumba. Chitsiriza wagona pa zenera."

"Ukatseke zeneralo."

"Nanga mazenera a ena onse aja? Tiyeni tiwasende mawayawa ndi mipeni. Ine ndisenda nawo mpaka Lolemba, ngakhale kujomba kusukulu. Mkuwa wosenda ndi woyera, amaugula bwino kuposa wootcha."

Mmodzi wa okankha ngolo, wamtali wa chipewa chong'ambika, analavula malovu pansi. "Kusenda matumba khumi ndi awiri? Sabata ziwiri zimenezo. Ana anga adzadye sabata ziwirizo zikatha? A Mkuwa, kamtsikana aka kakuderera. Ndikatsitse ine."

Anafika n'kumugwira pa dzanja. Kawaya analowetsa dzanja linalo m'mawaya n'kugwiritsa. Bamboyo anakoka, mulu wonse unagwedezeka, waya wina n'kumucheka Kawaya pa chigongono. Magazi anayamba kuyenderera, koma sanataye.

"Musiye mwana wanga."

Anali amayi ake, ataima pamwamba pa khwawa, nyundo ili m'manja. Sanakweze mawu. Bambo wa chipewa uja anamusiya n'kubwerera m'mbuyo.

Phokoso linali litaitana anthu. Mayi wa tiyi, eni mashedi ndi amayi a pa mpopi aja anadzaza m'mphepete mwa khwawa, aliyense akuponya lake.

"Anatilanda ntchito, lero akutilanda ndi chakudya chomwe."

"Amulonjeza ntchito ku kampani ameneyo."

"A Mkuwa, yatsani, atsika yekha."

A Mkuwa anatulutsa bokosi la machesi n'kuligwedeza pafupi ndi nkhope ya Kawaya. "Ndiwerenga mpaka katatu."

"Werengani, amalume. Ine ndili pompano."

Anawerenga kamodzi. Anawerenga kawiri. Kachitatu sikanamveke, chifukwa gulu lija linangopatuka pakati mwadzidzidzi.

5. Mayi Loko

Amene anatsika m'khwawamo anali mkulu woyendera malo wa ku khonsolo, mayi wamfupi wa magalasi, amene mumsewumo ankamutchula kuti Mayi Loko chifukwa cha maloko omwe ankakhoma pa mashedi. Anali ndi alonda awiri a khonsolo. Galimoto anali ataisiya kutali n'kubwera wapansi, ndipo pakona sanapeze wowaona.

Anayang'ana mulu, chigubu ndi machesi. Anawerama n'kugwira mawaya, kenako ananunkhiza zala zake.

"Simunathire," anatero. "Muli ndi mwayi, bambo. Ndikanapeza moto, inu ndi mwini shedi mnzanu mukanagona m'chitolokosi lero. Koma katunduyu mulibe naye chiphaso. Ndikumulanda, ndipo shedi yanu ndikuitseka."

"Tsekani," anatero a Mkuwa. "Mukatsekenso ndi pakamwa pa ana anga."

Mayi Loko anali akuyang'ana mtsikana wokhala pa mulu uja.

"Iwe ndakudziwa. Si iwe unalemba chimangirizo chija? Wachita bwino, mwana wanga. Dera lino likufunika achinyamata ngati iwe."

Mawu amenewa anali ngati palafini pa moto. Gulu lonse linang'ung'udza.

"Mwamva? Amadziwana."

"Ndi amene wawaitana."

Kawaya anatsika pa mulu, atagwira chigongono chake.

"Sindinakuitaneni ine, amayi," anatero. "Ndipo musandiyamikire. Chimangirizo changa chinali ndi masamba awiri. Ku khonsolo munawerenga tsamba loyamba lokha. Tsamba lachiwiri ndinalemba kuti anthu a muno apatsidwe makina osendera mawaya ndi malo abwino ogwirira ntchito. Ndinapempha kuti utsi uthe. Sindinapemphe kuti ntchito ithe. Mashedi asanu ndi awiri atseka, lero yachisanu ndi chitatu. Mukufuna anthu awa azidya chiyani?"

Nkhope ya Mayi Loko inasintha. Anavula magalasi n'kuwapukuta pang'onopang'ono.

"Uli ndi pakamwa," anatero. "Tsono tsegula makutu, ndi inu nonse mumve. Mukuganiza kuti ine ndimakondwa kuyenda ndi maloko m'chikwama? Ndisanabwere ku khonsolo ndinagwira ntchito ku chipatala cha ana zaka khumi. Ndawaona ana a m'misewu ngati uno, magazi awo ali ndi poizoni wa m'mabatire, ena osatha kuphunzira ngakhale kulemba dzina lawo. Makolo awo ankati alodzedwa. Lamuloli lili ndi zolakwika, sindikana. Koma inu simunaliwerenge n'komwe. Munang'amba chikalata chimene tinamata pa khoma paja tsiku lomwelo. Ndime yachinayi ikunena kuti anthu khumi akhoza kupanga gulu, n'kukonza shedi imodzi pamodzi, n'kulandira chiphaso chimodzi. Ndabwera kuno kanayi kudzanena zimenezi, kanayi konse munandigenda ndi mabotolo. Mukapitiriza kubisala m'makwawa, mudzatha mmodzimmodzi, wina kundende, wina kumanda, ndipo kampani ija idzatsala yokha ikusekerera. Iwe mtsikana, kudzudzula akuluakulu n'kosavuta. Ngati ukuona kuti tsamba lako lachiwiri ndi lanzeru, ligwirire ntchito."

Anatsegula chikwama n'kutulutsa fomu.

"Mayina khumi ndi masiginecha awo. Pakufunikanso chidindo cha kampani ija, kuvomera kuti izilandira zotsala zoopsa zimene gulu lanu silingathe kusamala. Tsiku lomaliza ndi Lachisanu likubwerali. Likadutsa, khomo limeneli latsekeka mpaka chaka chamawa."

Kawaya analandira fomuyo ndi manja awiri. Pakona pake panadetsedwa ndi magazi a pa chala chake.

6. Mizere khumi

Lole ya khonsolo inabwera n'kunyamula mawaya onse, atawabwezera m'matumba aja. Alonda anakhoma loko pa chitseko cha shedi n'kumatapo pepala lofiira. Amayi ake a Kawaya analoledwa kutulutsa thumba la zida lokha.

A Mkuwa anaima pakati pa msewu, anthu atawazungulira.

"Nonse mwaona," anatero. "Ndinamutuma pakona, anathawapo. Akanaimba foni, katundu tikanabisa, shedi ikanakhala yotsegula. Kuyambira lero, mwana uyu asapondenso pakhomo panga. Ana anga asamutchulenso kuti mchemwali wawo."

"Akanapanda kukhala pa mulu paja, bwenzi muli m'maunyolo," anatero a Mawailesi ali pa benchi yawo.

"Inu agogo konzani mawailesi, za banja langa zisiyeni."

Kawaya anayenda shedi ndi shedi ndi fomu ija. Woyamba anamutsekera chitseko. Wachiwiri anati sasayina pepala limene lagwiridwa ndi Mayi Loko. Mayi wa tiyi anati, "Bwera nayo kuno, ndikufuna choyatsira mbaula." Ngakhale a Mawailesi anapukusa mutu.

"Ndikhala wachikhumi," anatero. "Peza kaye asanu ndi anayi. Dzina la nkhalamba pamwamba silikoka munthu."

Anapeza amayi ake atakhala pa mwala kutsogolo kwa shedi yotsekedwayo. Mayiwo anang'amba kansalu, n'kumumanga pa chigongono mosamunyengerera.

"Usaganize kuti ndakondwa," anatero. "Wapulumutsa chifuwa cha mng'ono wako, inde. Koma wanditsekera shedi, wandidanitsa ndi mlongo wanga, ndipo sindikudziwa kuti sabata yamawa mudya chiyani. Zonsezi n'zoona nthawi imodzi. Munthu ukasankha chinthu, umasenza ndi zolemera zake zomwe, sumasankhapo zopepuka zokha. Bweretsa pepalalo."

Analemba dzina lawo pa mzere woyamba, pang'onopang'ono, fomu itatsamira pa bondo.

"Enawa sasayina asanaone chidindo cha kampani," anatero pomubwezera. "Akuti kampani singalole kuti tidzukenso. Yamba kumeneko. Loweruka amatseka mochedwa, ukafulumira uwapeza."

7. Kutsidya kwa njanji

Dzuwa linali litapendeka pamene Kawaya anawoloka njanji. Kampani ija inali ndi mpanda wautali wa njerwa ndi geti lobiriwira. Pamwamba pa getilo panali chikwangwani chachikulu chojambulidwa mtengo wa masamba ndi ana akuseka.

Mlonda wa pageti sanamulole n'komwe kumaliza kufotokoza.

"Abwana kulibe. Bwera Lolemba."

"Lolemba ndili kusukulu, bambo. Palibe wina angandidindire?"

"Ndati kulibe. Ndinu a kumashedi eti? Mumanunkha utsi. Choka pageti pano."

Kawaya anapinda fomu n'kubwerera. Pofuna kudula njira, anatsata kanjira kodutsa kuseri kwa mpanda, komwe kunali udzu wautali ndi milu ya njerwa zosweka. Atayenda pang'ono anaima. Kununkha kumene kunamupeza kumeneko ankakudziwa kuyambira ali khanda. Kunali kununkha kwa pulasitiki ikupsa.

Pa mpandapo panali malo ena pomwe njerwa ziwiri zinagwa. Anaponda pa mwala n'kusuzumira.

Kumbuyo kwa nyumba ya makina kunali dzenje lalikulu. Anthu awiri ovala maovolosi a kampani, opanda chotseka pamphuno, ankakhuthulira mawaya m'dzenjemo, wachitatu akusonkhezera moto ndi chitsulo chachitali. Utsi wakuda unkakwera mokhotakhota n'kumapita ku nyumba za tsidya limenelo. Pambali panali matumba opanda kanthu ataunjikidwa, ndipo pa thumba lililonse panali chilembo cha penti yofiira chimene amalume ake ankalemba pa katundu wawo.

Kawaya anatulutsa foni. Anaiika pa mpata paja n'kujambula kamodzi, kawiri, katatu.

Udzu unachita phokoso kumbuyo kwake. Asanatembenuke, dzanja lolemera linamugwira pa phewa.

"Tsika pamwalapo," anatero mlonda wa pageti uja. "Abwana akuti akufuna akuone. Foniyo bweretsa kuno."